Chifukwa chiyani mliri wa Covid-19 unasokoneza kujambula odwala ndi mankhwala a nyukiliya?

Mu 2020 odwala ambiri m'mayiko osiyanasiyana analandira foni kuchokera kuchipatala yowauza kuti tsiku lawo lokajambulidwa mtima, mafupa kapena mapapo lasunthidwa. Bungwe la IAEA, lomwe limaona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse, linafunsa zipatala 909 m'mayiko 108, ndipo linapeza kuti mu Epulo 2020 ntchito yoyeza mtima ndi makina osiyanasiyana, kuphatikizapo a nyukiliya, inatsika ndi 64 peresenti poyerekeza ndi Malichi 2019. Odwala ena anadabwa nazo. Makina satsokomola, ndipo munthu amangogona pabedi n'kujambulidwa. Nanga kachilombo ka korona kakulowa pati?

Nthambi ya chipatala yojambula ndi mankhwala a nyukiliya imayendera wotchi. Mankhwala ake amatha mphamvu ola lililonse, pomwe kupewa matenda opatsirana kumafuna kudekha: kupukuta, kudikira kuti mpweya usinthe, kutalikitsa anthu. Mavuto ambiri a nthawi ya mliri anachokera pa kulimbana kwa zinthu ziwirizi.

Kujambula kwa nyukiliya n'kotani?

Pa X-ray, cheza chimachokera m'makina, n'kudutsa m'thupi, n'kusiya chithunzi cha mafupa kapena mapapo mmene akuonekera. Pa kujambula kwa nyukiliya cheza chimachokera m'thupi la wodwalayo. Amabayidwa jakisoni, kapena amameza, kapena amapuma mankhwala ochepa kwambiri otulutsa cheza, ndipo kamera imadikira kunja kuti ione kumene mankhwalawo apita. Chithunzicho chimaonetsa mmene chiwalo chikugwirira ntchito: ngati magazi akufika mbali zonse za mtima, ngati impso ikusefa bwino, ngati khansa yafalikira m'mafupa.

Nzeru imeneyi inayamba ndi George de Hevesy, wasayansi wa ku Hungary, amene mu 1923 anaviika mizu ya nyemba m'madzi okhala ndi mtovu wotulutsa cheza kuti aone mmene mtovuwo ukukwerera m'mbewu. Analandira mphoto ya Nobel ya 1943. Kamera yomwe zipatala zikugwiritsa ntchito mpaka lero inapangidwa ndi Hal Anger ku Berkeley, ku California, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mankhwala ofala kwambiri ndi technetium-99m, amene amagwira ntchito pa sikani pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse za mtundu umenewu. Palinso makina a PET, omwe kawirikawiri amagwiritsa ntchito shuga wapadera wotchedwa FDG. Maselo a khansa amadya shuga mwadyera, ndiye amawala pachithunzi.

Chofunika pa nkhani ya mliri n'chakuti wodwala sachoka msanga. X-ray ya pachifuwa imatha pa mphindi zochepa. Wojambulidwa mafupa amabayidwa, kenako amadikira maola 2 mpaka 4 kuti mankhwala alowerere m'mafupamo. Wa PET amakhala phee m'kachipinda kotseka pafupifupi ola lathunthu asanalowe m'makina. Kujambula kwenikweniko kumatenga mphindi 20, 30, nthawi zina kupitirira, kamera ili pafupi ndi nkhope. Ndipo ambiri obwera kuno ndi okalamba, odwala mtima, ndi odwala khansa amene chitetezo cha m'thupi mwawo chafooka ndi mankhwala. Amenewa ndi omwe Covid-19 ankawagwetsa kwambiri.

Mankhwala osasungika

Mankhwala otulutsa cheza amatha mphamvu okha, ndipo palibe firiji kapena botolo limene lingawaletse. Akatswiri amawayeza poona nthawi imene mphamvu yake imatsika ndi theka. Technetium-99m amatsika theka pa maola 6 alionse. Fluorine-18 wa mu FDG amatsika theka pa mphindi 110. Choncho mlingo wa FDG umene wafika 8 koloko m'mawa umakhala utatsala theka 10 koloko isanakwane, ndipo pofika 12 koloko masana sukwananso gawo limodzi mwa magawo anayi.

Tiyerekeze kuti pakati pa wodwala ndi mnzake pakufunika mphindi 30 zowonjezera zopukuta bedi ndi kudikira mpweya. Odwala anayi okha, maola awiri apita, ndipo theka la mphamvu ya FDG wa omwe akudikira lapita nawo. Nthambi zambiri zinalibe kuchitira mwina koma kuchepetsa odwala ojambulidwa patsiku.

Technetium sabwera m'botolo kuchokera kufakitale. Chipatala chimalandira chipangizo chokutidwa ndi mtovu, m'kati mwake muli molybdenum-99, amene amatsika theka pa maola 66 ndipo akamatha amasanduka technetium. M'mawa uliwonse katswiri amatsukuluza chipangizocho ndi madzi amchere n'kutenga technetium wa tsikulo. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chimakhala chatha ntchito, pafunika china. Njirayi inapangidwa ku Brookhaven National Laboratory ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Molybdenum wambiri wa dziko lonse amachokera m'malo owerengeka: ku Petten ku Netherlands, ku Mol ku Belgium, ku Lucas Heights ku Australia, ku Poland, ku Czech Republic, komanso ku Pelindaba, kufupi ndi Pretoria ku South Africa, kumene kuli makina a nyukiliya otchedwa SAFARI-1. Katunduyu nthawi zambiri amakwera ndege za anthu apaulendo. Ndegezo zitaima mu Malichi ndi Epulo 2020, zipatala zakutali, makamaka mu Africa, Asia ndi Latin America, zinayamba kulandira mankhwala mochedwa, atachepa kale mphamvu, kapena osalandira n'komwe. Kwa wodwala khansa wa ku Malawi amene ankafunika PET, yomwe panthawiyo munthu ankakaipeza kunja, ndege imene inaima inali yoti akwere iye mwini.

Timadontho ndi mpweya wa m'chipinda

Kumayambiriro kwa mliri malangizo ankati kachilomboka kamayenda m'timadontho ta malovu timene timagwa pansi pa mtunda wa mita imodzi kapena awiri, komanso pa zinthu zimene wodwala wagwira. Ganizo la timadontho ndi lakale. Carl Flügge wa ku Germany analisonyeza m'zaka za m'ma 1890. Mu 1934 William Wells wa ku Harvard anawonjezera kuti timadontho tating'onoting'ono timauma tisanagwe, n'kutsala tikuyandama.

Kusiyana kwake kuli ngati phulusa ndi utsi m'khitchini yophikira nkhuni. Phulusa limagwa pafupi ndi mafuwa, ukakhala patali silikufika. Utsi umadzaza chipinda chonse, ndipo umakhalamobe ngakhale moto utazima, mpaka wina atsegule chitseko.

Mu Julayi 2020 asayansi 239 anasaina kalata yopempha WHO kuti ivomereze kuti korona amayendanso mumpweya, ndipo kumapeto kwa Epulo 2021 bungweli linasintha mawu ake n'kuvomereza momveka bwino. Nkhani ya zinthu zogwiridwa inalowera kwina. Kafukufuku wa mu labotale wa mu Malichi 2020 anapeza kachilomboka kali ndi mphamvu pa pulasitiki ndi pachitsulo mpaka maola 72, koma pambuyo pake zinaoneka kuti otenga matendawa mwa njira imeneyi ndi ochepa. Kupukuta sikunali kulakwa, kungoti mdani wamkulu anali m'mwamba.

Akatswiri amawerenga kuti mpweya wa m'chipinda umasinthidwa kangati pa ola. Malinga ndi CDC, bungwe la ku America lolimbana ndi matenda, chipinda chosintha mpweya ka 6 pa ola chimafuna mphindi 46 kuti 99 peresenti ya tizinthu toyandama tichoke, pomwe chosintha ka 12 chimafuna mphindi 23. Kwathu kuno, kumene TB inatiphunzitsa kalekale kutsegula mazenera m'mawodi, wina angafunse kuti bwanji osangotsegula. Kafukufuku wa m'zipatala za ku Lima, ku Peru, wofalitsidwa mu 2007, anaonetsadi kuti mazenera ndi zitseko zotsegula zingasinthe mpweya kuposa makina. Koma m'kati mwa kamera ya nyukiliya muli mwala wonga galasi wa sodium iodide, womwe umatha kung'aluka kutentha kukasintha mwadzidzidzi. Chipindacho chimafuna kuzizira kosasinthasintha, ndipo zoziziritsira zambiri zimangozunguliza mpweya womwewo. Apa m'pamene masiki a N95 kapena FFP2, omwe amathina kumaso n'kusefa pafupifupi 95 peresenti ya tizinthu tating'ono, ankasiyana ndi masiki wamba a kuchipatala.

Sikani ya mapapo, pamene akatswiri anagwira njakata

Magazi akaundana mumtsempha wa m'mwendo, kachidutswa kangathe kuthothoka, kuyenda mpaka m'mapapo n'kutseka njira ya magazi. Munthu amabanika, pachifuwa pamabaya, ndipo akhoza kufa mwadzidzidzi. Njira imodzi yopezera vutoli ndi sikani yotchedwa V/Q, yomwe ili ndi mbali ziwiri. Pa mbali ina wodwala amabayidwa tizidutswa ta puloteni tokhala ndi technetium, timene timakodwa kwa kanthawi m'timitsempha ta m'mapapo n'kuonetsa kumene magazi akufika. Njirayi inakhazikika m'zaka za m'ma 1960 ndi ntchito ya George Taplin ndi Henry Wagner ku America. Pa mbali inayo wodwala amapuma mpweya wotulutsa cheza, monga xenon-133 kapena krypton-81m, kapena nkhungu ya technetium, kuphatikizapo Technegas yomwe inapangidwa ku Canberra ku Australia m'zaka za m'ma 1980. Dokotala amaika zithunzi ziwirizo pamodzi. Pamene mpweya ukulowa bwino koma magazi sakufika, pali chotseka. Pamene zonse ziwiri zasowa, mwina ndi chibayo kapena matenda ena a mapapo.

Mbali yopumayi ndiyo inaimitsa anthu mitu. Wodwala amavula masiki, amaluma kapaipi, amatsekedwa mphuno, n'kuuzidwa kuti akoke mpweya kwambiri. Munthu wobanika kale akatero amatsokomola. Wojambula amakhala chapafupi, nthawi zina akugwirizira chipangizocho. Ogwira ntchitowa ankadziwa kale kuti mpweyawu umathawira m'chipinda, chifukwa kwa zaka zambiri zida zawo zoyezera cheza zinkaupeza pa zovala ndi mumpweya wa m'chipindamo. Ngati technetium akuthawa, kachilombo kangalephere bwanji? Kuwonjezera apo, zizindikiro za magazi oundana m'mapapo zimafanana ndi za Covid-19, ndipo Covid-19 yemweyo amachititsa magazi kuundana. Odwala ofunika sikaniyi kwambiri anali omwewo okayikiridwa kuti ali ndi kachilombo.

Mu Malichi 2020 bungwe la akatswiri a nthambiyi ku America, SNMMI, linalangiza kuti mbali yopuma iyambe yasiyidwa. Ajambule magazi okha, ndipo pofuna kudziwa ngati m'mapapo muli chibayo, aone X-ray kapena CT, yomwe ndi X-ray ya makina ozungulira thupi yoonetsa m'kati mwatsatanetsatane. Maganizowa sanali achilendo. Kafukufuku wa ku Pisa ku Italy wotchedwa PISA-PED anali atasonyeza kale mu 1996 kuti chithunzi cha magazi chophatikiza ndi X-ray ya pachifuwa chingathe kupeza vutoli. Ndipotu chithunzi cha magazi chikatuluka chabwinobwino, nkhani yathera pomwepo, mbali yopuma siifunikanso.

Madokotala ena, makamaka a ku France, sanagwirizane nazo. Iwo ankati popanda chithunzi cha mpweya, malo amene awonongeka ndi chibayo cha Covid-19 angaoneke ngati otsekeka ndi magazi. Zikatero munthu amapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana kwa miyezi 3 kapena kupitirira popanda chifukwa, mankhwala omwe angamuchititse kukha magazi m'mimba kapena mu ubongo. Kwa iwo njira inali kuvala zodzitetezera mokwanira n'kujambula mbali zonse ziwiri. Gulu lina linkaganizira wojambula ndi wodwala wotsatira pamzere, linalo linkaganizira amene ali pabedi, ndipo onse anali ndi mfundo.

Palinso njira ya CT yobaya mankhwala a ayodini mumtsempha, yomwe zipatala zambiri zinathamangirako. Koma siyenera aliyense: odwala impso ndi omwe thupi lawo limadana ndi mankhwalawo amadalirabe V/Q. Zida zoyezera korona ndi masiki zitayamba kupezeka, SNMMI inafewetsa malangizo ake n'kulola kuti mbali yopuma ibwerere pamene ikufunika, bola wodwala ayambe wayezedwa ndipo ogwira ntchito avale zodzitetezera zoyenera.

Kuthamanga pa makina oyezera mtima

Kuyeza mtima kunali ndi vuto lofanana, koma yankho linapezeka msanga. Kuti aone ngati mitsempha ya mtima ikupereka magazi okwanira, madokotala amafuna mtima ugwire ntchito yolemetsa, ndiye wodwala amathamanga pa makina a treadmill mpaka atatopa, ali wefuwefu, namwino ndi dokotala ataima pambali pake. Bungwe la ASNC, la akatswiri ojambula mtima ku America, pamodzi ndi SNMMI analangiza mu 2020 kuti m'malo mothamanga, wodwala abayidwe mankhwala otsegula mitsempha monga regadenoson, adenosine kapena dipyridamole, iye ali chigonere, masiki ali kumaso. Analangizanso kuyamba ndi chithunzi cha mtima wolemedwa. Chikakhala bwino, chachiwiri cha mtima wopumula chingasiyidwe, wodwala n'kubwerera kwawo msanga. Chotayika n'chakuti dokotala saonanso ndi maso ake kuti munthuyu akutopa pa mphindi zingati, chinthu chomwe pachokha chimanena zambiri za mtima.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku

Zina zinali zofanana ndi m'nthambi zonse za chipatala, ndipo IAEA inazisonkhanitsa m'malangizo ake a mu 2020. Wodwala ankaimbiridwa foni dzulo lake kufunsidwa za kutentha thupi ndi chifuwa, n'kuuzidwa kuti abwere yekha, lamulo lowawa kwa ife amene tinazolowera kuti wodwala sayenda wopanda gadiyani. Okayikiridwa ankajambulidwa kumapeto kwa tsiku kuti chipinda chigone chopanda munthu. Ogwira ntchito ankagawidwa magulu awiri osakumana, chifukwa nthambi zambiri zili ndi akatswiri ochepa moti mmodzi akapatsira anzake, ntchito yonse yaima. Bedi linkapukutidwa ndi spiriti wa 70 peresenti kapena klorini wa 0.1 peresenti, koma pa kamera yeniyeniyo ankatsatira zimene wopanga makinawo walola.

Ogwira ntchito m'nthambiyi anali ndi mwayi umodzi kuposa anzawo: anaphunzitsidwa kalekale kuopa chinthu chosaoneka. Malamulo awo a cheza ndi atatu, kuchepetsa nthawi, kutalikira, ndi kuika chotchinga pakati. Kuvala magolovesi, kusadyera m'chipinda cha mankhwala, kuvula chovala osakhudza kunja kwake, zonsezi anazizolowera. Koma kufananaku kuli ndi malire. Dontho la technetium likagwa pansi, chida choyezera cheza cha Geiger chimalira, ndipo ukalisiya mpaka mawa limakhala litatsala pang'ono kutheratu mphamvu. Kachilombo kalibe chida chokalirira, ndipo kakalowa mwa munthu kamachulukana. Chotchinga cha mtovu sichiletsa mpweya, masiki nawo saletsa cheza.

Masiki, tipaipi ndi masirinji a wodwala Covid-19 zinali zinyalala zoopsa pawiri. Zinkayamba zasungidwa m'chipinda chapadera kuti cheza chithe, kawirikawiri mpaka nthawi yotsika theka itabwereza ka 10, omwe kwa technetium ndi maola 60, kenako n'kupita kokawotchera zinyalala za matenda. Panalinso odwala chithokomiro omwe amamwa ayodini-131, amene amatsika theka pa masiku 8. Wotereyu akadwala Covid-19 n'kufunika chipinda cha odwala mwakayakaya thupi lake likutulutsabe cheza, anamwino amakhala pa vuto. N'chifukwa chake ankayamba amuyeza korona, ndipo omwe matenda awo sanali ofulumira ankadikiritsidwa.

Sikani ikapeza zimene sinkafuna

Makina a PET amabwera ndi CT, ndipo CT imaona mapapo kaya dokotala anafuna kapena ayi. Ku Brescia, kumpoto kwa Italy, mu Malichi 2020 madokotala anapeza kuti odwala 6 mwa 65 amene anajambulidwa PET, opanda chizindikiro chilichonse cha korona, anali ndi mapapo ooneka ngati a Covid-19. FDG sasankha, chifukwa maselo olimbana ndi matenda nawonso amadya shuga kwambiri. Zimenezi zinasonyeza kuti mafunso a pafoni sagwira aliyense, ndipo malangizo anayamba kunena kuti wina ayang'ane mapapo pachithunzi wodwala asanatuluke pakhomo, kuti ngati pali chokayikitsa ayezedwe, chipinda chiyeretsedwe, ndi omwe anamugwira adziwe.

Katemera atayamba kuperekedwa kumapeto kwa 2020, anabwera ndi chisokonezo chakechake. Anabere a m'khwapa la mkono umene wabayidwa amatupa n'kuwala pa PET kwa masabata angapo, ndipo kwa mayi wodwala khansa ya m'mawere zingaoneke ngati matenda afalikira. Nthambi zinayamba kufunsa tsiku la katemera ndi mkono wake, n'kulangiza kuti abayitse kumbali imene ilibe khansa.

Mafunso amene akadalipo

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma nkhani zingapo sizinathe.

Ya V/Q ndi yoyamba. Kodi mbali yopuma imafalitsadi kachilombo kuposa kutsokomola wamba? Nkovuta kuloza kuti wogwira ntchito wakutiwakuti anatenga matenda m'chipinda cha sikani osati m'basi kapena kunyumba. Zipatala zina zinazolowera kujambula magazi okha ndi CT ndipo sizinabwerere m'mbuyo, zina zinabwerera. Mliri wina ukabwera, adzayamba ndi njira iti?

Ina ndi ya mtengo wa kudikiritsa odwala. Kafukufuku wotsatira wa IAEA anapeza kuti pofika Epulo 2021 kuyeza mtima kunali kutabwerera mwakale m'mayiko olemera, koma m'mayiko osauka kunali kukadali pansi. Angati anapulumuka chifukwa sanapite kuchipatala, ndipo angati anapezeka ndi khansa kapena matenda a mtima mochedwa? Ndani woyenera kugamula kuti sikani iyi ndi yofulumira, iyo idikire?

Palinso funso la nyumba. Zipinda zambiri zojambulira zinamangidwa poganizira cheza ndi kuzizira kwa makina, osati kusintha mpweya. Kuzikonza n'kodula. Kodi ndalamazo zichokere kuti, ndipo m'madera amene TB ndi chikuku sizinachoke, njira za nthawi ya mliri zikhale za masiku onse kapena zongotulutsa pakabuka vuto?

Kenako gwero la mankhwala. SAFARI-1 anayamba ntchito mu 1965, ndipo makina a ku Petten ndi ku Mol anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ku Petten akumanga atsopano otchedwa PALLAS, ndipo ku Canada anayesa kupanga technetium ndi makina ang'onopo opangira mankhwala otulutsa cheza otchedwa cyclotron, oti angakhale pafupi ndi chipatala. Koma makina otere ndi odula kwa chipatala chaching'ono cha dziko losauka. Ndege zikadzaimanso, chipangizo cha molybdenum chidzafika bwanji kumeneko maola 66 asanachidye theka?